Chithunzi cha ngolo yaima mumtsinje: mafunso ndi mayankho

Pakhoma la chipinda chimene timakumanamo Loweruka lililonse ndi achinyamata ophunzira kujambula kuno ku Dedza boma ndinapachikapo chithunzi cha ngolo ili m'madzi, kanyumba kumanzere, mitengo italiitali ndi mitambo yodzaza thambo. Makolo odzatenga ana awo, anzanga odzacheza, ngakhale mmisiri amene anadzakonza zenera, onse amaima n'kuchiyang'anitsitsa, kenako mafunso amayamba. Poti mafunsowo amakhala omwewomwewo, ndawasonkhanitsa pano.

Chithunzichi dzina lake n'chiyani, ndipo anajambula ndani?

Dzina lake ndi The Hay Wain, kutanthauza ngolo yotutira udzu wouma wodyetsa ziweto. Anajambula ndi John Constable wa ku England m'chaka cha 1821, ndi utoto wa mafuta pansalu yokhuthala. N'chachikulu ndithu: masentimita 130 kuchoka pansi kufika pamwamba, ndi masentimita 185 chopingasa. Mwini wake atachionetsa koyamba anachitcha Landscape: Noon, ndiye kuti malo nthawi ya masana dzuwa lili paliwombo. Dzina la ngololi linachokera kwa mnzake wapamtima, m'busa John Fisher, ndipo ndi limene linakhazikika.

Ndiye chili pakhomachi n'chenichenicho?

Ayi. Chenichenicho chili ku London, m'nyumba yosungira zithunzi ya National Gallery, kumene chinaperekedwa ngati mphatso ndi Henry Vaughan mu 1886. Chathuchi n'chosindikiza papepala, monga zimakhalira zithunzi za pa kalendala, ndipo n'chaching'ono kwambiri pochiyerekeza ndi chenichenicho.

Kusiyanitsa sikuvuta. Chosindikiza chimakhala chosalala paliponse, ndipo mukachiyang'ana ndi galasi lokuzira zinthu mumaona timadontho tosanjana bwino. Chojambula ndi utoto wa mafuta chimakhala ndi mabampu ndi mizere imene burashi inasiya, ndipo mukachiyang'ana cham'mbali pafupi ndi zenera mumaona pamene utoto unachuluka ndi pamene unachepa.

Malowa ndi kuti? Si kuno kwathu?

Agogo ena anaumirira tsiku lina kuti awa ndi madzi a Linthipe, ndipo ankaloza mitengoyo kuti amaidziwa. Sindinawaseke, chifukwa chimene anaona n'choona: ngolo, galu, munthu pamadzi, dambo kutsidya. Ndi moyo umene tonse timaudziwa.

Koma malowa ndi Flatford, pamtsinje wa Stour, umene umalekanitsa zigawo za Suffolk ndi Essex kum'mawa kwa England. Chigayo choyendera madzi cha bambo ake a Constable chinali pomwepo, kumbuyo kwa pamene woyang'ana waima, n'chifukwa chake sichikuoneka. Kanyumba ka kumanzereko kanali ka mlimi wina dzina lake Willy Lott, amene anthu amasimba kuti anakhala m'nyumbamo zaka zoposa 80 osachokamo kupatula masiku anayi okha. Nyumbayo ilipo mpaka lero, ndipo malowo amasamalidwa ndi bungwe la National Trust.

Ngoloyo ikutani m'madzi? Yatitimira?

Funso ili amafunsa kwambiri ndi anyamata a ku Bembeke, amene anakula akuyendetsa ngolo za kachewere ndi kabichi. Iwo amaona msanga kuti ngoloyo ilibe katundu, ndipo madziwo sanafike n'komwe pakati pa mateyala. Sinatitimire. Pamenepo pali pooloka, ndipo kutsidya, chakumanja, anthu akumweta udzu. Ngoloyo ikukatenga udzuwo.

Palinso chifukwa china chimene ambiri amatchula. Ngolo zathu zimayendera matayala a galimoto yakale, koma za nthawi imeneyo zinali ndi magudumu a mtengo omangidwa ndi mkombero wachitsulo. Kukatentha mtengo umauma n'kufota, chitsulo chija n'kuyamba kugwedera. Kuimika ngolo m'madzi kunkafufumitsa mtengowo kuti ugwirenso chitsulo, chimodzimodzi mmene timaviikira nkhwangwa kapena khasu likamagwedera pampini. Akavalo nawo ankapezerapo mpata woziziritsa miyendo ndi kumwa madzi. Kumbukirani kuti dzina loyamba la chithunzichi linkanena za masana.

Kupatula ngoloyo, ndiyang'anenso chiyani?

Yambani ndi galu ali m'mphepete mwa madzi, amene watembenukira ku ngolo ngati akuti nanunso yang'anani uko. Pafupi ndi nyumba pali mayi wawerama pamadzi. Kumanja, m'tchire pafupi ndi bwato, mwabisala munthu wowedza nsomba, ndipo ambiri samuona mpaka wina atawalozera. Omweta udzu aja ndi timadontho toyera kutali. Utsi ukutuluka pachumuni cha nyumba.

Taonaninso kufiira pang'ono kuli pamisana pa akavalo. Mukakuphimba ndi chala, kubiriwira konse kwa chithunzi kumazilala. Ndimakonda kuwachititsa ana zimenezi, chifukwa amaphunzirapo za mitundu kuposa mmene angaphunzirire ndikamalankhula ola lathunthu.

Constable anali munthu wotani, anachokera m'banja lotani?

Anabadwa pa 11 June 1776 m'mudzi wa East Bergholt, pafupi ndi Flatford pomwepo. Bambo ake, Golding Constable, anali munthu wopata: ankagula ndi kugulitsa tirigu, anali ndi zigayo ku Flatford ndi ku Dedham, komanso mabwato otutira katundu mumtsinje. Ankafuna kuti John adzatenge bizinesiyo, ndipo mnyamatayo anagwiradi ntchito ya chigayo kwa kanthawi. Koma mtima wake unali kwina. Ankazemba n'kupita kukajambula ndi mnzake John Dunthorne, mmisiri wa mapaipi ndi magalasi wa m'mudzimo. Pomaliza bambo ake analolera, bizinesi inapita kwa mng'ono wake Abram, ndipo mu 1799 John anakalowa sukulu ya zojambula ya Royal Academy ku London.

Nkhani ya ukwati wake aliyense wa kuno angaimve. Anakonda Maria Bicknell, koma akuchikazi anakana, makamaka agogo ake a Maria, Dr Rhudde, amene anali m'busa wa tchalitchi cha East Bergholt. Ankaona kuti wojambula wopanda ndalama zodalirika sangasunge mwana wawo. Awiriwo anadikira zaka zisanu ndi ziwiri. Anakwatirana mu 1816, bambo ake a John atamwalira n'kumusiyira gawo la chuma. Anabereka ana asanu ndi awiri. Maria anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1828, ndipo kuyambira pamenepo Constable ankavala zakuda. Zithunzi zake za zaka zotsatira zili ndi mdima ndi mphepo zimene simungazipeze mu chithunzi cha ngolochi.

Ulemu unachedwa kumufika. Anasankhidwa kukhala membala wathunthu wa Royal Academy, bungwe la akatswiri ojambula limene linkayendetsa sukulu ija, mu 1829, ali ndi zaka 52, mkazi wake atangomwalira kumene. Mnzake wa msinkhu umodzi, J. M. W. Turner, anali atalandira ulemu womwewo kalekale mu 1802. Constable anamwalira pa 31 March 1837 ndipo anaikidwa ku Hampstead. Moyo wake wonse sanatulukepo m'dziko la England, pamene ojambula anzake ankathamangira ku Italy kukafuna mapiri ndi mabwinja otchuka. Iye anakakamira mtsinje wakwawo, zipupa zonyowa, mizati yowola ndi matope a pachigayo cha bambo ake. Kwa ine mfundo yaikulu ya munthuyu ndi imeneyi.

Anajambula ataima pamtsinjepo?

Ayi, ndipo ambiri amadabwa akamva. Anachijambulira m'nyumba ku London, m'nyengo yozizira ya 1820 mpaka 1821, kutali ndi Flatford komanso kutali ndi dzuwa limene likuoneka m'chithunzicho. Chimene anali nacho ndi tizithunzi ting'onoting'ono timene anajambula pamalopo zaka zambiri m'mbuyomo. Nyumba ya Willy Lott anali ataijambula kambirimbiri. Ngolo yokhayo inamuvuta, mpaka anapempha mwana wa Dunthorne uja kuti amujambulire ngolo ya kumudzi n'kumutumizira.

Asanayambe chenichenicho anajambula kaye china chofanana kukula kwake, mothamanga, kuti aone pamene kuwala ndi mdima zikhale. Choyesereracho chili ku Victoria and Albert Museum, nyumba ina yosungira zaluso ku London. Ankachita zimenezi ndi zithunzi zake zikuluzikulu za mtsinje wa Stour, zimene zinayamba ndi The White Horse mu 1819 n'kufika pa The Leaping Horse mu 1825. Ankasinthanso maganizo ali mkati mwa ntchito: pafupi ndi galu uja panali munthu atakwera kavalo, koma anamufufuta ndi utoto.

Chinamulemeretsa?

Poyamba ayi. Atachionetsa ku Royal Academy mu 1821 palibe anachigula. Anthu anazolowera zithunzi zosalala, zofiirira ngati zakale, za nkhani zikuluzikulu za m'mbiri. Ichi chinali chobiriwira kwambiri, utoto wake wokhakhala, ndipo nkhani yake inali ngolo chabe. Timadontho toyera timene ankawaza pamadzi ndi pamasamba kuti zioneke zonyowa ena ankatinyoza kuti ndi chipale chofewa cha Constable.

Amene anachizindikira anali Afalansa. Mu 1824 wogulitsa zithunzi wina, John Arrowsmith, anachigula pamodzi ndi zina ziwiri pa mapaundi 250 n'kupita nacho ku Paris. Chinaonetsedwa pachionetsero chachikulu cha mumzindawo chaka chomwecho, ndipo Constable anapatsidwa mendulo ya golide m'dzina la mfumu Charles X. Ojambula achinyamata monga Eugène Delacroix anachita nacho chidwi kwambiri. Constable sanapite n'komwe kukalandira mendulo.

Nanga lero chingagulidwe ndalama zingati?

Sichigulitsidwa, ndi chuma cha dziko. Kuti mungoona kukula kwa nkhani, china cha zithunzi zake zikuluzikulu za mtsinje wa Stour zija, The Lock, chinagulitsidwa ku London mu 2012 pa mapaundi oposa 22 miliyoni. Chathu cha pakhomachi mtengo wake ndi wa pepala ndi fulemu basi.

Kutchuka kwakeko kumachikokeranso mavuto. Mu July 2022 anthu awiri a gulu la Just Stop Oil, lotsutsa kukumba mafuta a pansi pa nthaka, anachiphimba ndi chithunzi china n'kudzimata manja pafulemu yake ndi guluu, pofuna kuti uthenga wawo umveke.

Bwanji mitambo yatenga malo aakulu chonchi?

Chifukwa kwa Constable thambo silinali chodzazira malo otsala. Kuwala konse kwa pansi kumachokera kumwamba, choncho ukalakwitsa mitambo walakwitsa munda, madzi ndi mitengo yomwe. Anakulira m'banja la zigayo, kuphatikizapo choyendera mphepo, ndipo munthu wa chigayo chotero amawerenga thambo ngati mmene mlimi amaliwerengera mu November akamadikira mvula yobzalira. Mu 1821 ndi 1822 ankakwera pachitunda cha Hampstead n'kumajambula mitambo yokhayokha, kuseri kwa pepala n'kulemba tsiku, nthawi ndi kumene mphepo ikuchokera.

Mu chithunzi cha ngolochi onani mmene dambo la kutsidya lawalira pamene kutsogolo kuli mthunzi. Mtambo ukudutsa, ndipo pakapita kamphindi kuwalako kusuntha.

Apa ndiye ndimawauza ana kuti ife a ku Dedza tilibe chodandaula. Phiri lathuli, lotalika mamita pafupifupi 2,200, limasintha nkhope kangapo tsiku limodzi. Mu June nkhungu imatsika m'mapaini m'mawa n'kubisa nsonga yonse, pofika masana yabalalika. Mu October thambo limayera ndi utsi wa lupsa mpaka mapiri a kutsidya ku Mozambique amaoneka ngati mthunzi. Mu January mitambo yakuda imaunjikana, pansi chimanga chili biriwiri. Mukaima pamwamba pa msewu wa Golomoti n'kuyang'ana kunsi kunyanja mumaona mvula ikugwa pamudzi umodzi, mudzi woyandikana nawo uli padzuwa. Mwana amene angakhale ndi kope n'kumajambula thambo limeneli katatu pa sabata, n'kumalemba tsiku ndi nthawi, pakutha pa chaka adzakhala ndi chuma chimene sangachipeze pa foni.

Kodi moyo wa kumudzi ku England unalidi wamtendere chonchi?

Ayi. Nkhondo za Napoleon zitatha mu 1815, mitengo ya mbewu inagwa, aganyu a m'minda ankalandira zochepa ndipo ambiri anasowa ntchito. Kudera la kwawo kwa Constable kunabuka zipolowe mu 1816, ndipo mu 1822 anthu ankaphwanya makina opunthira tirigu ndi kutentha milu ya udzu ya eni minda. Mu chithunzichi mulibe chilichonse cha zimenezi. Ogwira ntchito yolemetsa, omweta udzu aja, aikidwa kutali kwambiri moti nkhope zawo sizioneka.

Sindinena kuti ananama. Anajambula kwawo monga ankakukumbukira mwana wa mwini chigayo, ndipo mwana wa mwini chigayo saona zimene waganyu amaona. Ndimachikondabe chithunzichi, koma ndimafuna ophunzira anga adziwe kuti wojambula aliyense amasankha choika pafupi ndi chokankhira kutali. Amene adzajambule msika wa Lizulu adzayenera kusankha ngati pafupi padzakhale milu yokongola ya tomato, kapena mayi amene wausenza tomatoyo kuchokera kudimba m'bandakucha.

Utoto wa mafuta ndi womwe uja wa m'hadiweya wopaka zitseko?

Ayi, ngakhale mayina amafanana. Wa ojambula ndi ufa wa mtundu wosakanizidwa ndi mafuta ouma okha akakumana ndi mpweya, kawirikawiri mafuta a linseed, ochokera ku njere za mbewu ya fulakesi. Ndi wokhuthala ngati mankhwala otsukira mano, ndipo umabwera m'timachubu. Nthawi ya Constable timachubuti kunalibe. Tinayamba mu 1841, iye atamwalira. Utoto wake ankausunga m'tizikhodzodzo ta nkhumba tomanga kukamwa, n'kumaboola akafuna kufinya.

Ubwino wake ndi woti umachedwa kuuma. Umatha kusakaniza mitundu pansalu pomwepo, kupala polakwika, n'kubwereranso mawa. Kuipa kwake n'komweko: pamatenga masiku kuti pamwamba paume, ndipo kuno kozizira kumachedwerapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lamulo lofunika ndi loti utoto woyamba ukhale wopyapyala, wosungunula ndi tepentaini pang'ono, ndipo wa pamwamba ndiwo ukhale ndi mafuta ambiri. Mukatembenuza, wa pamwamba umauma msanga n'kung'aluka.

Musayese kusungunulira mafuta ophikira. Mnyamata wina anayesa, ndipo patatha miyezi iwiri chithunzi chake chinali chikadali chonata, fumbi ndi tizilombo zitamatirira.

Ndilibe ndalama zogulira zipangizo zonse. Ndingayambe bwanji?

Mitundu isanu ikukwana: woyera, wachikasu, wofiira, wabuluu ndi wakhofi woderapo. Wobiriwira muzisakaniza nokha, chifukwa wa m'chubu umakuwa kwambiri ndipo sufanana ndi tsamba lililonse la m'dambo. Maburashi atatu olimba, mpeni wakale wosakanizira ndi kagalasi kosakanizirapo. M'malo mwa nsalu yodula, dulani hadibodi, ipaleni ndi sandipepa, muipake penti yoyera ya madzi kawiri kapena katatu kuti mafuta asalowe m'thabwa. Tsegulani mawindo mukamagwiritsa ntchito tepentaini, ndipo nsanza zonyowa ndi mafuta musaziunjike pamodzi, zimatha kutentha zokha n'kuyaka.

Timachubu timapezeka mosavuta ku Lilongwe kuposa kuno, choncho timasonkherana n'kutuma mmodzi. Koma pensulo ndi makala zilipo kale m'nyumba, ndipo chaka choyamba chonse mukhoza kuthera pamenepo osataya kanthu.

Kodi ndi bwino kuphunzira pokopera chithunzichi?

Kamodzi, inde. Constable nayenso ankakopera zithunzi za akale, makamaka za Claude Lorrain, zimene anazidziwa kudzera mwa Sir George Beaumont, munthu wopata wosonkhanitsa zithunzi. Kukopera kumaphunzitsa dzanja ndi diso mmene wina anathetsera vuto. Mukatero lembani kuseri kuti mwakopera kwa Constable, ndipo musachigulitse ngati maganizo anu.

Chimene chimandiwawa n'kuona mnyamata waluso akuthera zaka akujambula tinyumba ta ku Ulaya ndi mapiri a chipale amene sanawaonepo, pamene ngolo ya malume ake imaoloka mtsinje tsiku lililonse iye osaiyang'ana. Winanso amangobwereza chithunzi chimodzi cha dzuwa likulowa, mlambe ndi bwato, poti ndicho alendo amagula. Ndikumvetsa, pakhomo pamafunika mchere ndi sopo. Koma amene waphunziradi kwa Constable amatenga kope n'kupita kudimba la kwawo, pachigayo cha dizilo pamene amayi afola ndi matumba, kapena pamlatho wa mitengo umene amaudziwa thabwa lililonse, n'kukajambula pamenepo kakhumi, nyengo zosiyanasiyana.

Kujambulaku si kwachizungu? Ife tili ndi zathu?

Utoto wa mafuta pansalu unabwera ndi alendo, zoona. Kujambula ayi. M'mapiri a Chongoni, pakhomo pathu pompano, muli malo 127 a zojambula za pamiyala, ndipo UNESCO inawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zimadziwika kuti n'za Akafula, zoyera n'za makolo athu Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule. Pitani ku Chentcherere kapena ku Mphunzi mukaone nokha. Amayi akumudzi amakongoletsanso makoma ndi dothi la mitundumitundu akamazira nyumba. Ku Mua, malo a Kungoni amene anayambitsa bambo Claude Boucher mu 1976 aphunzitsa osema ndi ojambula ambiri, ndipo pa Dedza Pottery mumaona mapiri, nyama ndi midzi zitajambulidwa pambale ndi makapu.

Kusiyana kulipo. Makolo athu ankajambula zizindikiro, nyama ndi zilombo zokhala ndi tanthauzo pamwambo, osati malo monga amaonekera munthu ukaima pamodzi nthawi imodzi. Kujambula malo kotereku ndi njira ina imene tailandira, monga tinalandirira gitala n'kumaimbira nyimbo zathu.

Ndili ndi chithunzi cha utoto wa mafuta kunyumba. Ndichisamale bwanji?

Adani ake kuno ndi atatu: chinyezi, utsi ndi dzuwa. Musachipachike pakhoma limene limanyowa nthawi ya dzinja. Ikani timitengo tiwiri kuseri kuti mpweya uzidutsa, apo ayi nkhungu imera pansalu. Chikhale kutali ndi khitchini ndi mbaula, ngakhale mu June ndi July pamene tonse timafuna moto m'nyumba, chifukwa mwaye ukamatirira suchoka wamba. Dzuwa lisachiwombe mwachindunji. Chosindikiza ngati chathuchi ndiye chimafwifwa msanga, zofiira ndi zachikasu zimayamba kutha n'kutsala zabuluu.

Fumbi muzichotsa ndi burashi yofewa youma. Madzi, sopo, mafuta odzola kapena polishi ayi. Ngati n'chatsopano, dikirani miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka musanapake vanishi, kuti utoto uume mpaka mkati. Posamuka musachipinde kapena kuchigoneka pansi pa katundu. Chiimikeni pakati pa makatoni awiri. Kamodzi pachaka chitembenuzeni muone ngati chiswe kapena anankafumbwe sanalowe m'fulemu, ndipo mukapeza ufa wa mtengo pansi pake, sinthani fulemuyo nsalu isanagwidwe.